A Sarwidi ndi Mbandakucha wa Batire

A Sarwidi anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri pamene msewu umadutsana ndi njanji, kunja kwa tauni ya Klaten. Ntchito yake inali imodzi: belu likalira, kutsitsa mtengo wotchinga msewu, sitima ikadutsa, kuukweza. Zaka zonsezo palibe ngakhale mbuzi imene inagundidwa pamalo pawo, ndipo nkhani imeneyi ankaifotokoza paukwati, pamaliro, ngakhale kwa munthu wongofunsa njira. Kupatula penshoni ndi bondo lolira, m'ntchitomo anatulukamo ndi chikhulupiriro chakuti chilichonse padziko pano chili ndi nthawi yake yolembedwa papepala ndi chogwirira chake, ndipo munthu akapeza chogwiriracho basi wamaliza.

Atapuma ntchito anagula mbalame. Amuna a kwathu kuno akakula amasankha pakati pa kukhalitsa kumzikiti, kuweta nsomba ndi kuweta mbalame zoyimba. A Sarwidi anasankha chovuta. Inali murai, mbalame yakuda ya pamimba pofiirira ndi mchira wautali. Anaitcha Kilat, ndiye kuti mphezi, n'kuipatsa chipinda chonse chakumbuyo, chimene chinali cha mwana wawo Ningrum asanakwatiwe. M'mawa inkadya nkhululu zisanu zothothola miyendo ndi kasupuni ka mazira a nyerere. Ankaisambitsa ndi botolo lopopera n'kuiyanika padzuwa maso ali pa wotchi. Akazi awo, mayi Wartinah, ankauza anzawo kuti m'nyumbamo mumakhala antchito awiri ndi bwana mmodzi wa nthenga.

Kuyimba inkayimba, zimenezo palibe angatsutse. Koma inkayimba mbandakucha. Kum'mawa kukangoyamba kufiira inkatsegula kukhosi, n'kutulutsa nyimbo za mbalame zonse zimene inamvapo, kuphatikizapo kulira kwa chitseko cha kubafa. Dzuwa likafika padenga la aneba inkatseka pakamwa n'kuyamba kudzikanda. Tsono mipikisano ya mbalame imachitika Lamlungu dzuwa litakwera. Kasanu konse a Sarwidi anaiberekera kumsana pa njinga yamoto, kasanu konse inangoima pakamtengo kake kuyang'ana oweruza ngati munthu wodikira basi.

Kuswanto, mlongo wake wamng'ono wa mayi Wartinah, amene a Sarwidi ankamutcha Dik Kus, ndiye kuti mng'ono Kus, anali ndi chigayo cha mpunga ndi kabati yodzaza zikho za mbalame. Akabwera kudzacheza sankafikira pabalaza, ankalunjika kuchipinda chakumbuyo.

"Alamu, mbalameyi ilibe vuto," ankatero atagwira manja kumbuyo. "Vuto ndi amene amaidyetsa. Ndipatseni miyezi itatu yokha."

"Dik Kus, iwe samala chigayo. Mpunga wa sabata yatha unali ndi miyala."

"Miyala imalira pamano, alamu. Yanuyi pampikisano ngakhale kutsokomola ayi."

Zikanapitirira choncho mpaka mmodzi wa iwo atamwalira, koma Ningrum anaimba foni. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mwana woyamba amabadwira kwa amayi. Mayi Wartinah anadikira tsiku limene Kuswanto analipo, anabweretsa tiyi ndi nthochi zokazinga, n'kukhala pansi. Kwathu kuno bambo timati Pak, mayi timati Bu.

"Pak, chipinda chija ndikuchifuna."

"Ningrum sangagone pabalaza, Bu? Pali mphepo yabwino."

"Mbalame ndiyo igone pabalaza."

"Pabalaza pali wailesi yakanema. Iphunzira nyimbo za otsatsa sopo."

"Ndiye mverani. Kumapeto kwa mwezi kuli mpikisano waukulu kuseri kwa msika. Ikabwerako ndi kapepala, ngakhale ka nambala teni, ilowa m'chipinda chathu, muzigona nayo, ine ndikagona ndi mwana wanga. Ikabwerako chimanjamanja ipita kwa Kus. Kus, wamva?"

Kuswanto anali atamva asanamalize n'komwe. Anatenga nthochi ina n'kuidya pang'onopang'ono. A Sarwidi anavomera, popeza mwamuna sangakane pamaso pa mlamu wake kuti mbalame yake ingathe kukhala ya nambala teni.

Anaganiza masiku awiri. Tsiku lachitatu, akuthothola miyendo ya nkhululu, nzeru inawafikira. Mbalame imayimba kukamacha. Mpikisano sungasunthe kubwera mbandakucha. Ndiye mbandakucha usunthe. Chofunika chinali kanyali koika mkati mwa nsalu yophimbira khola, koyamba ndi mdima n'kumawala pang'onopang'ono monga limachitira dzuwa, koma kokhala ndi chogwirira.

Ningrum anasiya kompyuta yakale m'kabati. A Sarwidi, amene moyo wawo wonse sanalumikizepo waya kupatula woyanikapo zovala, anavala magalasi n'kuyamba kuonera mavidiyo a anthu ophunzitsa zamagetsi. Anapezamo pulogalamu imene munthu amajambula zipangizo pagalasi, n'kuzilumikiza ndi mizere, n'kuona ngati zikugwira ntchito asanagule kanthu. Anajambula batire. Anajambula kababu ka LED. Anaika rezisita, kamene kamachepetsa mphamvu kuti babu lisapse, ndi kachopotokola konga ka voliyumu ya wailesi. Pakati anaika thiranzisita.

Thiranzisita ndiyo inawagwira mtima. Kanthu ka miyendo itatu: magetsi ochepa akalowa mwendo umodzi, kamatsegulira njira magetsi ambiri odutsa miyendo iwiri inayo. Ukachepetsa, kamatseka. A Sarwidi anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Zaka zonsezi anthu ankati ntchito yawo ndi ya munthu wosaphunzira, chonsecho m'wailesi iliyonse, m'foni iliyonse, muli tialonda ta pageti tikutsitsa ndi kukweza mtengo.

Pagalasi zinayenda tsiku loyamba lomwe. Akakoka kachopotokola, kababu kojambulako kankachoka pakuda, kufiirira, mpaka kuwala. Anabwereza mwina ka mazana awiri.

"Bu, tabwerani mudzaone dzuwa likutuluka."

"Ndaliona kale, Pak. Ndayanikapo zovala zanu."

Kumsika kuli kasitolo ka zamagetsi ka Mbak Yuyun, mayi wa magalasi okhuthala amene amawerenga mitundu ya mizere ya pa rezisita mofulumira kuposa mmene ena amawerengera dzina lawo. A Sarwidi anam'patsa mndandanda wolembedwa ndi rula.

"Thiranzisita imodzi yokha, Pak? Tengani khumi, n'zotchipa ngati mtedza."

"Imodzi. Pa kompyuta imodzi yakwana."

"Pa kompyuta sizipsa."

"Mbak, ine zaka makumi atatu ndi ziwiri sindinaphetse ngakhale mbuzi."

Mbak Yuyun anakulunga imodzi m'kapepala.

Pa kompyuta miyendo ya thiranzisita imalembedwa mayina. Yeniyeni inali kanthu kakuda ngati nyemba, miyendo itatu yofanana, yopanda dzina. A Sarwidi anaibaya pa kathabwa ka timabowo monga inkaonekera pachithunzi, analumikiza batire, n'kupotokola. Babu silinayake. Anapotokolanso. Kunamveka kafungo ngati ka tsitsi lopsa. Anagwira thiranzisita kuti aone ngati yakhala bwino, ndipo inawasiyira chithuza pachala, chooneka ndendende ngati iyo yomwe.

Masana omwewo anabwerera kumsika kukagula ina, akuti yoyambayo inali yachinyengo. Yachiwiri anaitembenuza, ndipo babu linayakadi, koma anali atachotsa rezisita poti inkaoneka yopanda ntchito. Linawala kamodzi ngati nyenyezi n'kuzimiratu. Ulendo wachitatu analowa m'sitolomo osavula chipewa cha njinga, galasi lili chotseka. Mbak Yuyun sanakweze n'komwe mutu. Anaika pathebulo mathiranzisita asanu ndi timababu khumi, n'kujambula pa kapepala mwendo uti ndi uti.

"Moni kwa Bu Wartinah, Pak," anatero iwo akutuluka.

Pakutha pa sabata chinthucho chinagwira ntchito. Sichinali chosalala ngati cha pagalasi: ukapotokola, poyamba sichichita kanthu, kenako chimadzidzimuka. Koma chala chophunzira chinkatha kuchinyengerera. A Sarwidi anamangirira timababu sikisi tachikasu kudenga la khola, anabisa mawaya kuti mbalame isawajomphe, n'kupachika kabokosi ka mabatire ndi kachopotokola kunja kwa nsalu. Nsaluyo anaisoketsa yophatikiza ziwiri, yakuda. Mawindo a chipinda anawatseka ndi makatoni.

Maphunziro anayamba. Kunja kukamacha Kilat ankakhala ali mumdima. Atambala ankalira, ana ankapita kusukulu, wogulitsa ndiwo zamasamba ankadutsa ndi belu lake, m'kholamo ukadali usiku. Mphindi makumi awiri isanakwane 11 koloko a Sarwidi ankalowa monyang'ama, kukhala pa kampando, n'kugwira kachopotokola ndi zala ziwiri. Mphindi makumi awiri zathunthu ankapotokola pang'onopang'ono osapuma mokweza. Poona kuti mbandakucha wopanda tambala ndi wokayikitsa, anayamba kuliranso okha, motsitsa mawu, kamwa ili pafupi ndi nsalu.

Mayi Wartinah anawamva tsiku lachiwiri akudutsa ndi dengu la zovala. Anaima, anamvetsera, n'kupitirira. Madzulo anangofunsa ngati tambalayo adya mpunga kapena chimanga.

Masiku asanu ndi atatu m'kholamo munali zii. Tsiku lachisanu ndi chinayi, timababu titafika pakati, munamveka kamluzu kamodzi, kokayika, ngati munthu wofunsa ngati kunja kuli bwino. Kenako Kilat anatsegula kukhosi. Anayimba mphindi makumi awiri ndi zisanu, 11 koloko ya m'mawa, dzuwa lenileni likuwotcha malata. A Sarwidi anakhala pa kampando chala chili pa kachopotokola, misozi ikutsikira m'ndevu. Mawa lake zinachitikanso, ndi mkuja wake. Anatenga rula n'kulemba ndondomeko: kucha, mphindi makumi awiri isanakwane 11, nyimbo, 11 koloko, kutha kwa nyimbo, mphindi makumi awiri ndi zisanu pambuyo pake. Pambali anamata ndondomeko ya mpikisano, imene inkati gulu la murai lipachikidwa 11 koloko. Mapepala awiriwo ankagwirizana ngati sitima ndi njanji.

Mipikisano isanu imene anapitako inachedwa yonse, ndipo iwo ndi amene ankadandaula kwambiri. Koma imeneyo inali ing'onoing'ono, yolengezedwa pakamwa. Uwu unali ndi ndondomeko yosindikiza, ya chidindo chofiirira ndi siginecha. Mwana aliyense ku Klaten amadziwa kuti 11 koloko ya papepala ndiye kuti anthu akadya. A Sarwidi okha ndi amene anakhala moyo wawo wonse pa malo amodzi m'boma lonselo pamene nthawi yolembedwa imafikadi.

Lamlungu lija bwalo la kuseri kwa msika linadzaza njinga zamoto ndi makola ophimba. Pakati panali denga lalitali la ngowe zopachikapo makola zokhala ndi manambala, lozunguliridwa ndi mpanda wachitsulo. Mwambo wake ngwodziwika: gulu likaitanidwa, eni ake amavundukula makola, kuwapachika, n'kutuluka kunja kwa mpanda, kumene amakuwa nambala ya mbalame yawo kuti oweruza aimve. A Sarwidi analandira nambala 17. Anaika khola pa mpando wa njinga, pamthunzi wa mtengo wa mango, n'kuyang'ana wotchi.

Nthawi itakwana anagwira kachopotokola.

Kuswanto anafika akutafuna mtedza. "Alamu, mukutani? Ngakhale timbalame ting'onoting'ono sitinapachikidwe. Akudikira bwana wa ku ofesi ya boma kuti adzatsegulire."

"Papepala alemba 11 koloko."

"Bwanayo ali kuukwati wa mphwake."

"Pali chidindo, Dik Kus. Usandisokoneze, kukucha."

Anawerama n'kulira ngati tambala chapansipansi. Kuswanto anasiya kutafuna.

Itangokwana 11 koloko Kilat anayamba. Sanayimbepo choncho chibadwire. Atamva mbalame zinzake mazana m'makola ozungulira, anatulutsa zonse, nyimbo pamwamba pa nyimbo, mokweza mpaka wogulitsa madzi a nzimbe anazimitsa makina ake. Amuna anayamba kusonkhana pansi pa mango, kuzungulira nsalu yakuda yoyimba.

"Ya ndani imeneyi?"

"Ya Pak Sarwidi wa pageti."

"Ija imangoyang'ana anthu ija? Mwaidyetsa chiyani, Pak?"

"Mabatire," anayankha Kuswanto.

A Sarwidi anayang'ana kudenga la ngowe. Linali lopanda khola ndi limodzi lomwe. Oweruza anayi anali pabenchi akudya mpunga wa m'masamba a nthochi. Anathamangirako, bondo likulira.

"Mas, bwerani mudzamve. Nambala 17. Yayamba."

Woweruza wamkulu ananyambita chala. "Tikuimva, Pak, ndi yabwino. Koma timaweruza zopachika. Za poimika njinga ayi."

"Nthawi yakwana. Onani pepala lanu lomwe."

"Yakwanadi. Bwana ndi amene sanakwane."

Anabwerera pansi pa mango. Nyimbo zinali kutayika ngati madzi a pampopi wosatseka, ndipo panali njira imodzi yokha yozisungira. Anagwira kachopotokola n'kubweza. Dzuwa la Kilat, limene linali litangotuluka kumene, linalowa. Mbalameyo inayimbabe pang'ono mumdima, mwaulemu, kenako inaleka. Anthu anabalalika akupukusa mitu.

Bwana uja anafika itadutsa 12, n'kulankhula za ubwino wosamala chilengedwe mpaka nthawi ya swala ya masana. Anthu atabwerako kumzikiti kunapachikidwa timbalame ting'onoting'ono. Gulu la murai linaitanidwa cha m'ma 2 koloko, mwadzidzidzi, ndi chimkuzamawu: mphindi zitatu makola akhale atapachikidwa.

Mbandakucha wa mphindi makumi awiri a Sarwidi anaupanikiza m'mphindi ziwiri. Mthunzi wa mango unali utasuntha kalekale, ndipo kabokosi kanali katatentha. Timababu tinakana, tinakana, kenako tinabuka tonse nthawi imodzi. Anavundukula nsalu, anazula mawaya, anakwera pa kampando n'kupachika khola pa ngowe ya 17.

Kwa Kilat tsikulo linali litatha kale. Kunacha, anayimba, kunada, anagona. Tsopano anamudzutsa pakati pa tulo n'kumuika pagulu. Anaphethira. Anayang'ana murai wa kumanzere amene ankayimba mchira uli m'mwamba, anayang'ana wa kumanja, anafufumitsa nthenga, anakweza mwendo umodzi, n'kulowetsa mutu kunsi kwa phiko.

Kunja kwa mpanda amuna makumi anayi ankakuwa manambala awo, akugwedeza zipewa ndi matawulo. A Sarwidi anakuwa yawo kawiri. Oweruza anadutsa pansi pa 17 osakweza cholembera. Mphindi zinkapita. Ndipo munthu amene zaka makumi atatu ndi ziwiri anaimitsa magalimoto a mabwana ndi dzanja limodzi anagwira mpanda ndi manja onse awiri, anakweza khosi, n'kulira ngati tambala ndi mawu ake onse.

Manambala analekeka. Analiranso kachiwiri, bwalo lonse likumva. Kuchokera kumsika, kumene amagulitsa nkhuku, tambala weniweni anayankha. Wina anakhala pansi ndi kuseka, wina anakuwa kuti ameneyo apachikidwe pa 18, ndipo ngakhale woweruza wamkulu anabisa nkhope kuseri kwa pepala lake. Kilat sanatulutse mutu.

Mbalame ya Kuswanto inakhala yachitatu.

Atafika kunyumba anapeza makatoni atachotsedwa m'mawindo, pansi patakolopedwa, matiresi ali padzuwa. Nkhani ya tambala inali itafika kale kudzera kwa wogulitsa madzi a nzimbe. Mayi Wartinah anawapatsa tiyi wotsekemera kuposa wa masiku onse n'kunena kuti Kus akhala akudikira pakhomo pake mawa m'mawa.

A Sarwidi anaipereka okha mbalameyo. Anapita ndi khola, nsalu, botolo lopopera, chitini cha nkhululu, kabokosi ka mabatire ndi masamba atatu a malangizo. Kuswanto anawalandira mwaulemu wonse, anawakhazika pampando wabwino. Kenako, iwo akuona, anatenga lumo n'kudula timababu kudenga la khola, kamodzikamodzi, n'kutiika m'jumbo pamodzi ndi malangizo aja.

"Izi mutenge, alamu, mwina muzifuna. Ndaikamonso mpunga pang'ono wa achemwali anga. Wopanda miyala."

"Imadya nkhululu zisanu."

"Tiona."

"Dzina lake ndi Kilat."

"Nalonso tiona."

Kwa Kuswanto mbalameyo inkapachikidwa panja mbandakucha kuti ilandire mame, kenako n'kuikidwa pakati pa murai zinzake tsiku lonse mpaka inaphunzira kuti mwamuna mnzako akayimba umayankha, kaya dzuwa lili pati. Anaitcha Juragan, ndiye kuti mwini chuma. A Sarwidi analoledwa kubwera Lachitatu ndi Loweruka kudzatsuka pansi pa khola, bola asabwere ndi waya m'thumba. Ankafika nthawi yake yeniyeni, ndipo nthawi zambiri ankadikira pakhonde mlamu wawo akusamba.

Patapita miyezi itatu, Ningrum atabereka kale mwana wamkazi m'chipinda chakumbuyo chija, Juragan anakhala wachinayi pa mpikisano wa ku Boyolali. A Sarwidi anali kunja kwa mpanda, ndipo amene analipo amati palibe anakuwa nambala mokweza kuposa iwo. Pa kapepala ka mphotho panalembedwa dzina la mbalame ndi la mwini wake, Kuswanto. Pobwerera a Sarwidi anapempha kuti akaonetse kwa akazi awo. Kuswanto anati kapepalako sikachoka m'kabati, koma anaimitsa njinga pa sitolo ya m'mbali mwa msewu n'kuwachititsira fotokope.